Tsiku limodzi ku Addis Ababa podikira ndege ya ku China

Ine ndimagulitsa nsapato, zikwama ndi zovala za ana pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo katundu wambiri ndimakaoda ku Guangzhou, mzinda wa ku China. Amene mumayenda njira imeneyi mukudziwa kuti kuchokera ku Lilongwe kulibe ndege yolunjika ku China. Umatsikira kaye ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg n'kukwera ina. Masiku ano anthu akumalimbikitsana kuti ngati ndege yachiwiriyo ili kutali, bwanji osatuluka pabwalo n'kukaona mzindawo, tikiti imodzi mizinda iwiri. N'zotheka ndithu. Koma momwe zinandiyendera ine ulendo woyamba, ndege inatsala pang'ono kundisiya mpamba wonse uli m'chiuno.

Nkhani inayambira kwa ajenti wina wogulitsa matikiti ku Lilongwe. Anandionetsa matikiti awiri. Yoyamba inali yofika ku Addis madzulo n'kukwera ya ku China usiku womwewo. Yachiwiri inali yogona, kuswera tsiku lonse, n'kunyamuka usiku wa mawa lake, ndipo inali yotsikirapo ndi madola pafupifupi 100. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife ageni dola timaiwerenga kawiri, maka poti kuipeza kubanki ndi nkhani ina. Ajentiyo anangonditsiriza ndi mawu awa: "Mayi, za kogona musadandaule. Hotela yaulere, chakudya chaulere, akakulandirani okha pabwalo." Ndinalipira.

Zomwe ananenazo si bodza lonse ayi. Ethiopian Airlines imaperekadi hotela, chakudya ndi galimoto kwa anthu omwe akudikira ndege pakati pa maola 8 ndi 24, koma pokhapokha ngati panalibe ndege ina yofulumirirapo yomwe akanakwera. Tikiti yanga inagwa pa zonse ziwiri: maola anapitirira 24, ndiponso ndege ya usiku womwewo inalipo, ndine ndinaisiya. Ajenti akakuuzani za hotela yaulere, werengani nokha maola pa tikitiyo, kenako mukafunse ku ofesi ya kampani ya ndegeyo ndalama zisanatuluke m'manja.

Sindinali ndekha. Ndinatsagana ndi amayi ena aakulu a ku Nkhotakota, ogulitsa nsalu ndi mahijabu, omwe njirayi anayamba kuyenda ine ndisanaganizeko za geni. Anagona kwathu, m'mawa tinakwera Sienta kudzera msewu wa M14, kutulukira pa Kanengo n'kukhotera ku Lumbadzi. Munali mu Ogasiti. Ku Salima kuno Ogasiti amakhala ndi mphepo koma masana thukuta limatuluka, ndiye juzi yanga ndinaiponya m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Pa kapepala komwe anamata pachikwamacho panalembedwa CAN, kutanthauza kuti ndikachionanso ku Guangzhou. Pakalembedwa ADD ndiye kuti mukachitenga ku Addis. Kapepala kameneka muzikayang'ana, ndipo chilichonse chomwe mudzachifune usiku umenewo, juzi, mankhwala, zosinthira, chikhale m'chikwama cham'manja.

Titatsika pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis Ababa, kunali kutada, mvula ikuwaza, ndipo kuzizira kunandilowa mpaka m'mafupa. Kumeneko dzinja lawo ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala. Tinafola pa desiki ya mahotela, ndipo mtsikana wa pamenepo atayang'ana matikiti athu anatifotokozera mwaulemu kuti sitikuyenerera. Mtima unangoti myuu. Amayi aja sanatekeseke.

"Mwanawe, ine mabwalo a ndege ndagonapo ambiri. Mpando ndi chitenje basi, kucha kumacha."

"Amayi, si usiku wokha. Ndi mawa tsiku lonse mpaka usiku winanso. Miyendo yanuyo itupa."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mipando yachitsulo, n'kunena kuti, "Chabwino, koma ndalama ya nsalu zanga isakathere kuona nyumba za eni."

Anthu a m'mayiko ambiri a mu Africa amatha kugula viza pabwalo pomwepo, ndiye tinafolanso mzere wina. Unali wautali chifukwa ndege zambiri zimatera nthawi imodzimodzi madzulo. Aliyense analipira madola opitirira 50, ndipo theka la phindu la tikiti yotchipa ija linathera pomwepo tisanaponde ndi panja pomwe. Viza yomweyi imapezekanso pa intaneti usananyamuke, ndipo ukakhala nayo umadumpha mzere wolipira. Mitengo yake imasinthasintha, choncho onani pa tsamba la boma la dzikolo sabata yomwe mukunyamukayo. Tinasinthitsa madola ochepa kukhala ma birr, ndalama ya ku Ethiopia, pa banki ya pabwalopo. Kwacha musavutike nayo, kulibe woilandira. Panalinso malo ogulitsira ma SIM khadi a Ethio telecom ndi Safaricom, koma tinali titatopa, tinangodutsa. Chimenechi chinadzatiluma mawa lake.

Tinapeza kahotela m'dera la Bole lomwelo, chipinda chimodzi madola 40, tinagawana. Chinali pa nsanjika yachitatu. Pokwera masitepe ndinaima kawiri, mtima ukugunda ngati ndathamanga, mutu ukuwawa. Ndinachita mantha kuti mwina ndi malungo, poti ife a kunyanja malungo ndi oyamba kuwaganizira. Sanali malungo. Kwathu kuno tili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe Addis Ababa ili pa mamita opitirira 2,300, ndipo thupi limafuna nthawi kuti lizolowere mpweya wa kumeneko. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, tsiku loyamba si loyenda mtunda wapansi. Imwani madzi ambiri ndipo muziyenda pang'onopang'ono.

Nditafuna kutchaja foni ndinapeza kuti tchaja yanga siyikulowa pakhoma. Kwathu mapulagi ndi a mano atatu amakona, kwawoko ndi a mano awiri obulungira. Mnyamata wa pa risepushoni analonjeza kuti atifunira cholumikizira m'mawa, koma sichinapezeke. Ndinatuluka ndi foni ili pa theka.

Mnyamata yemweyo anatiitanira dalaivala wodziwana naye, bambo wachikulire wodekha, Chingerezi chake chochepa kwambiri. Tinagwirizana mtengo mnyamatayo akutanthauzira, ndipo bamboyo anatitenga kaye ku National Museum, nyumba yosungira zinthu zakale, kufupi ndi dera la Arat Kilo. Magalimoto kumeneko amayenda kumanja, osati kumanzere ngati kwathu, ndipo powoloka msewu maso amathamangira mbali yolakwika. Amayi aja ndinachita kuwakoka dzanja minibasi ili pafupi.

Ku nyumba ya zakaleyo n'komwe kuli Lucy, mafupa a cholengedwa chakale chofanana ndi munthu omwe anapezeka mu 1974 ku Hadar m'chigawo cha Afar, omwe asayansi amati ndi a zaka 3.2 miliyoni. Zomwe amaonetsa m'galasi ndi zoumba zofanana nawo, mafupa enieniwo amawasunga mosamala kwina. Ndi kamunthu kakafupi, kongopitirira pang'ono mita imodzi. Ine ndinaima nthawi yaitali, chifukwa izi ndinaziphunzira kusekondale osaganizako kuti tsiku lina ndidzaima pafupi nazo. Amayi aja anaweramira galasi, anayang'ana, n'kunong'ona: "Ndiye madola aja tapereka kuti tidzaone mafupa a mwana?" Ndinaseka mpaka mlonda anatitembenukira.

Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha Holy Trinity, komwe kuli manda a mfumu Haile Selassie ndi mkazi wake Menen. Mtembo wa mfumuyi anadzauika pamenepo m'chaka cha 2000, patatha zaka 25 chimwalirireni. Polowa umalipira, umavula nsapato, ndipo azimayi amafunda kumutu. Chitenje chinandithandiza. Amayi aja ndi Msilamu, koma analowa nawo, ndipo apa mpomwe anatsitsimuka. Anandikumbutsa kuti mfumu imeneyi inabwera ku Malawi mu 1965, n'chifukwa chake pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View, ndipo ku Blantyre kuli msewu wa dzina lake. Iwo anali kamtsikana nthawi imeneyo, ndipo akuti bambo awo anamvera nkhaniyo pa wailesi ya m'sitolo ina pa boma la Nkhotakota. Dalaivala wathu atamva dzina la Malawi ndi la mfumu yawo m'chiganizo chimodzi anasangalala, n'kuyamba kutilozera zinthu m'njira: Africa Hall, komwe atsogoleri anakhazikitsa bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la OAU mu 1963, ndi nyumba yatsopano yokumbukira nkhondo ya Adwa ya mu 1896, pomwe asilikali a mfumu ya Ethiopia Menelik II anagonjetsa a ku Italy.

Linali Lachitatu, ndipo izi zinatikomera. Akhristu a mpingo wa Orthodox sadya nyama, mazira kapena mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, choncho malo odyera ambiri amakhala ndi chakudya cha masamba ndi nyemba. Amayi aja ankada nkhawa ndi za nyama yosazingidwa mwa Chisilamu, koma nkhawayo inatha. Anatibweretsera mbale yaikulu yoyalidwa injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasa chopangidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa teff, pamwamba pake ataikapo timilu ta mphodza, nyemba zosinja zotchedwa shiro, kabichi, mbatata ndi masamba. Umang'amba injera n'kutapira ndiwo ndi dzanja lamanja. Kuwawasako poyamba kumadabwitsa, koma tinamaliza mbale yonse. Khofi anatikazingira pamaso pathu, kumusinja, kumuwiritsa mu kamtsuko kadothi, lubani akufuka pambali. Pa risiti chaka chinali chotsalira ndi zaka 8 poyerekeza ndi chathu. Ali ndi kalendala yawoyawo ya miyezi 13, ndipo chaka chawo chimayamba mu Seputembala.

Tikanabwerera kuhotela pamenepo, ndikanalemba nkhani yokoma yokhayokha. Koma wageni ndi wageni. Unali usanakwane 1 koloko, ndege inali ya m'ma 11 usiku, ndipo tonse tinali titamva za Merkato, msika womwe amati ndi umodzi mwa ikuluikulu mu Africa. Amayi omwe aja ankakana kutuluka pabwalo ndi amene anayamba: "Mwanawe, tafika pano, msika osauona?"

Dalaivala anatisiya m'mphepete mwa msikawo. Tinamulozera wotchi kuti adzatitenge 4 koloko, ndipo ndinaimika zala zinayi. Iye anapukusa mutu, n'kuimika zala zonse khumi. Ndinabwerezanso zinayi. Iye khumi. Tinaganiza kuti akufuna adzabwere 10 koloko usiku, mwina ali ndi ntchito ina masana. Amayi aja anakwiya: "Ameneyu akufuna atiphonyetse ndege. Mpatse zake azipita." Tinamulipira, iye akuyesabe kufotokoza, nkhope yodandaula, ndipo tinamusiya ataima pambali pa galimoto yake.

Bamboyo sankalakwa. Ku Ethiopia maola amayamba kuwawerenga m'bandakucha. Nthawi yomwe ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati 1 koloko. Masana dzuwa lili paliwombo ndi 6 koloko, ndipo 4 koloko yathu ya madzulo kwa iwo ndi 10 koloko. Munthuyo ankangotsimikiza nthawi yomwe tinamuuzayo, ndipo ankakana zala zinayi chifukwa kwa iye 4 koloko ndi 10 m'mawa kapena 10 usiku. Mukamapangana nthawi ndi dalaivala, wogulitsa kapena aliyense kunja kwa bwalo la ndege, funsani kuti ndi nthawi ya chi Ethiopia kapena yachizungu, kapena muuzeni kuti pakatha maola angati kuchokera pano.

Merkato sungaumalize. Msika wa Lilongwe ndi wa Limbe mutaiphatikiza ingakhale ngodya imodzi chabe. Katundu aliyense ali ndi dera lake: kuno zonunkhiritsa ndiwo, uko zitsulo zakale zomwe akuzisula kukhala mbaula, uko nsalu, uko nsapato. Abulu akudutsa pakati pa magalimoto, anyamata atasenza matiresi osanjikiza mpaka m'mwamba akukuwa kuti muwapatse njira. Lamulungu malo ambiri amakhala otseka, ndiye ngati tsiku lanu lagwa pamenepo musavutike. Ine maso anagwa pa nsapato zachikopa chenicheni, zosokedwa komweko, pa mtengo womwe unandisokoneza mutu. Ndinagula mapeya angapo oti ndikayesere makasitomala anga. Amayi aja anagula khofi, tsabola wawo wosakaniza wotchedwa berbere, ndi botolo lalikulu la uchi. Kenako analowa mu mzikiti waukulu wa Anwar, womwe uli mkati mwa msikawo, kukaswali, ine ndikudikira panja.

Ndili chiimire pamenepo mpomwe ndinazindikira zomwe tikuchita. Ndalama yonse yokaodera katundu, ina mwa iyo yangongole ya ku banki mkhonde, inali m'kalamba m'chiuno mwanga, pakati pa chinamtindi cha anthu omwe sindikumva chilankhulo chawo. Aliyense wondikhudza ndinkadzidzimuka. Ndinayamba kumva kutentha ngakhale kunkazizira.

Sanabere ine koma amayi aja. Titangochoka pa mzikiti, anyamata awiri ogulitsa timapepala topukutira anatipanikiza, wina anawagunda phewa n'kuyamba kupepesa akuwasasa chovala, ndipo atabalalika foni munalibe m'thumba la chikwama chawo. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kukuwa. Amayi aja anangokhala pansi pa khonde la sitolo, manja ali pamutu. Sankalirira foniyo ayi. Mmenemo munali WeChat, pulogalamu yotumizirana mauthenga ya ku China, ndipo pa WeChat mpomwe panali anthu onse omwe amawagulitsa nsalu ku Guangzhou, zithunzi za katundu yemwe anagwirizana kale, ndi nambala ya munthu wotumiza katundu pa sitima.

Mwini sitoloyo, mayi wachifundo, anatiperekeza ku polisi yapafupi. Apolisi anatilandira bwino, koma kufotokoza nkhani kudzera mwa munthu wachitatu, iwo akulemba m'zilembo zawo, kumadya nthawi. Mukaganize bwino musanalowe m'zimenezi pa tsiku la ndege: foni yotayika mumsika wotere kubwerera n'kovuta, ndipo kalata ya apolisi imathandiza pokhapokha muli ndi inshuwalansi. Ife tinalibe.

Potuluka kunali kutada ndipo mvula inali itatsika yamphamvu, madzi akuyenda m'misewu. Foni yanga inali itazima kalekale chifukwa cha zithunzi ndi kusakasaka netiweki. Tinatsala ndi wotchi ya pamkono ya amayi aja, yomwe inkati 6 koloko. Tinalimba mtima kuti nthawi ilipo. Kukanakhala kuti tinagula SIM khadi, tikanaitanitsa galimoto pa Ride kapena Feres, mapulogalamu a pafoni oitanira takisi omwe amaonetseratu mtengo. M'malo mwake tinaima m'mbali mwa msewu tikukweza dzanja, aliyense akuweruka kuntchito, maminibasi odzaza, mayina a komwe akupita akuitanidwa m'chilankhulo chomwe sitikumva. Takisi yomwe inaima inali ya zakalekale zija za buluu ndi zoyera, ndipo mwini wake ataona alendo awiri onyowa anatchula mtengo woposa womwe tinalipira bambo uja m'mawa wonse. Tinakwera.

Vuto lina linali lakuti dzina la hotela tinkalitchula mwathumwathu, iye osalimva, ndipo chithunzi cha chikwangwani chake chinali m'foni yozima. Chinatipulumutsa ndi risiti ya dzulo lake yomwe ndinaipeza pansi pa chikwama, yolembedwa m'zilembo zawo, nambala ya foni ili pamwamba. Anaimba, anamulondolera. Koma msewu unali utatseka. Cha ku Meskel Square tinaima malo amodzi mpaka amayi aja anayamba kuwerenga tasibihi mokweza. Kuchokera pamenepo kukafika ku Bole si kutali, makilomita osakwana 10, koma madzulo a mvula mtunda sukhala ndi tanthauzo.

Titalowa mu hotela, wotchi ya amayi inkati hafu pasiti 8. Ya pakhoma inkati hafu pasiti 3. Mnyamata wa pa risepushoni atationa anaimirira n'kufunsa ngati ndege yathu si ya usiku womwewo. Ndinamuonetsa wotchi ya amayi kuti nthawi ikadalipo. Iye anatembenuza kompyuta yake: 21:30. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo wotchi ya amayi inali ikuyendabe nthawi ya ku Nkhotakota. Pomwepo anatifotokozeranso za wotchi ya pakhomayo ndi za zala khumi za dalaivala uja, yemwe akuti anabwereradi pamalo paja 4 koloko n'kutidikira, kenako anaimba kuhotela kufunsa ngati tafika bwino. Manyazi omwe ndinamva sindingawafotokoze, koma nthawi yowamvera panalibe.

Zikwama zam'manja tinazisiya m'chipinda, ndipo poti nthawi yotulukira inali itadutsa masana, anatilipiritsa theka la tsiku lina. Ndi lamulo la mahotela ambiri. Tikanatuluka m'chipindamo m'mawa n'kusungitsa zikwama pa risepushoni, sitikanalipira kanthu.

Pa Bole amayamba kukusecha pakhomo penipeni polowera, ndiye pamakhala mzere usanafike n'komwe pa desiki. Ife mapepala okwerera ndege yachiwiri sanatipatse ku Lilongwe chifukwa ulendowo unali kutali, ndipo madesiki a ndege zakunja amatseka kutatsala ola limodzi. Ndinapempha anthu pamzere, ndikuonetsa tikiti, misozi ili m'maso, ndipo anatipatsa njira. Tinafika pa desiki kutatsala mphindi zowerengeka. Kenako mzere wodinditsa pasipoti, kenako kusechedwa kachiwiri, komwe uchi wa amayi unatsalira, chifukwa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 sizilowa m'chikwama cham'manja. Sanatsutse n'komwe. Tinathamanga, ine ndikuwefuka ndi mpweya wochepa uja, nsapato za ku Merkato zikundimenya m'miyendo, ndipo tinali m'gulu lomalizira kulowa. Tikanaiphonya, bwenzi tikulipira chindapusa chosinthira tikiti ndi kusiyana kwa mtengo, kuchokera mu ndalama ya katundu.

Mavuto a foni ija anatitsatira ku Guangzhou. Kuti ulowe pa WeChat m'foni yatsopano amafuna atumize nambala yachinsinsi ku SIM khadi yako, kapena anzako a pa WeChat pomwepo akuchitire umboni, ndipo SIM ya amayi inapita ndi foni. Anataya masiku angapo akuyenda sitolo ndi sitolo kusaka anthu awo ndi maso, ine ndikuwaperekeza m'malo mooda zanga. Ena anawapeza, ena ayi. Chiyambireni pamenepo, manambala onse ofunika ndimawalembanso m'kabuku, ndipo makadi a masitolo ndimawasunga m'kachikwama kosiyana. Nsapato za ku Merkato nazo zinapita ku China n'kubwerako, ndipo pobwerera zinadya makilogalamu omwe ndikanaikamo katundu wanga, mpaka ndinalipira owonjezera. Zinagulidwa msanga pa Kamuzu Road, sindikana, koma phindu lake linathera pa sikelo ya pabwalo la ndege.

Nditawerengetsa, tikiti ija inandipulumutsira madola 100, ndipo viza, hotela, matakisi, chakudya ndi zolowera zinandidyera pafupifupi 150. Foni ya amayi sindikuiwerengera pamenepo. Ndiye ngati mukutenga tikiti ya maola ambiri kuti musunge ndalama basi, masamu ake sagwira, pokhapokha mwatsimikiza za hotela yaulere ija kapena mwakonzeka kugona pampando. Ngati mukuitenga chifukwa mukufunadi kuona mzindawo, pamenepo ndi bwino, chifukwa madola 150 sangakufikitseni ku Addis Ababa kuchokera ku Salima mwa njira ina iliyonse.

Ndinadzachitanso ulendo wina, koma pobwerera, ndalama itasanduka katundu yemwe ali m'kontena, m'chiuno mulibe kanthu. Kusiyana kwake n'kwakukulu, umayenda ngati munthu. Viza ndinagulira pa intaneti, SIM khadi pabwalo pomwepo, cholumikizira tchaja ndi pawabanki zili m'chikwama, ndipo wotchi ndinaisintha ndege isanatere. Ndinasankha malo awiri okha, phiri la Entoto komwe Menelik anayamba kukhala mzinda usanatsikire pansi, ndi msika wa nsalu wa Shiro Meda womwe uli m'munsi mwake, waung'ono ndi wosapanikiza poyerekeza ndi Merkato. Nthawi ndimaiwerenga chobwerera m'mbuyo: kuchokera pa nthawi ya ndege ndimachotsa maola atatu a pabwalo, ola limodzi ndi theka la msewu ngakhale pali pafupi, ndi ola lina la zosayembekezereka. Kumayambiriro ndimachotsanso maola awiri otsikira, kudinditsa ndi kusintha ndalama. Tikiti ya maola 12 imatsala ndi maola anayi kapena asanu oyenda. Ikakhala ya maola osakwana 8, ine sindituluka.

Amene mumadzera njira zina, ku Johannesburg a Malawi timalowa popanda viza, ndipo sitima ya Gautrain imachoka pabwalo la OR Tambo pomwepo kukafika ku Sandton pa mphindi pafupifupi 15, ndiye za kuthithikana kwa magalimoto sizikukhudzani. Ku Istanbul, Turkish Airlines imayendetsa mwaulere anthu ake odikira ndege, ndipo bwalo la Changi ku Singapore lili ndi maulendo otere. Koma ulendo waulere si chilolezo cholowera m'dziko. Za viza ya pasipoti ya Malawi mufufuze panokha, chifukwa nkhani zambiri za pa intaneti zimalembedwa ndi anthu a mapasipoti omwe amalowa paliponse.

Chinthu china chomwe amayi aja anandipulumutsa nacho tisananyamuke n'komwe ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezeka. Ukangodutsa pabwalo maola ochepa, mayiko ambiri safunsa, koma ukapitirira maola 12 kapena ukatuluka kulowa mumzinda, amakutenga ngati wachokera m'dzikolo, ndipo akhoza kukufunsa khadilo komwe ukupita, ngakhalenso pa Kamuzu International Airport pobwerera kwanu. Kuyambira mu 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse, koma khadilo limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, choncho si zokabayitsa dzulo la ulendo.